Akakufunsani Kuti Mumachita Malonda Anji, Muyankhe Chiyani?

 Lero tikambirane za luso limene ochita malonda ambiri saliwerengera, chonsecho ndi limene limabweretsa kapena kuthamangitsa makasitomala tsiku ndi tsiku. Ndikunena za kufotokoza bizinesi yanu pakamwa, mwachidule, kwa munthu amene sakukudziwani komanso ali ndi zochita zake.

Funso lake nonse mumalidziwa: "Kodi inu mumapanga chiyani?" Tamverani mayankho amene timapereka. "Aa, timangoyesayesa." "Tizibizinesi ting'onoting'ono basi." "Chilichonse chomwe chapezeka." Kumene mayankhowa amachokera ndikukudziwa. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndipo ena timaopa kuti tikanena bwino za malonda athu tiputa nsanje. Kudzichepetsa ndi khalidwe labwino, sindikulitsutsa ayi. Koma taganizirani za munthu wafunsayo. Mwina ali ndi sitolo ndipo akusowa womubweretsera chiponde. Mwina akumanga nyumba ndipo akufunafuna wowotcherera mafelemu a mawindo. Inu mwamuuza kuti mumangoyesayesa. Achoka osadziwa kanthu, ndipo ndalama yake akapereka kwa wina amene anayankha zomveka. Zimandipweteka mtima kuona munthu wa manja aluso akuphonya msika chifukwa cha pakamwa pokha.

Ndiye chimene ndikufuna mukonze ndi ziganizo zinayi kapena zisanu, zoti mutha kuzinena m'theka la mphindi osathamanga. Mwina mukuti nthawiyo yachepa. Kayimeni m'golosale iliyonse masana muone mwini wake: dzanja lina akubweza chenje, maso ali pa mwana amene akugwiragwira masiwiti, foni ikulira. Munthu wotere sangakupatseni mphindi khumi. Akupatsani kanthawi kochepa, ndipo m'kanthawi komweko asankha ngati apitirize kumvetsera kapena ayi.

Tiyerekeze mayi wina wa kwa Kamwendo ku Mchinji amene amapanga chiponde. Wakwera minibasi m'mamawa, watsika mu Lilongwe, wafika pa golosale ina ku Area 25 chikwama cha mabotolo chili m'manja. Apereka moni, kenako ayamba motere: "Bwana, ine ndine mayi wamasiye, ndili ndi ana asanu, fizi yavuta. Ndiye chaka chatha ndinabwereka ndalama ku banki nkhonde n'kuyamba kabizinesi ka chiponde. Komanso ndimagulitsa zitenje ndi nkhuku, nthawi zina makala. Chonde ndithandizeni."

Zonse zimene mayiwa anena n'zoona, ndipo mavuto awo ndi enieni. Koma mwini golosale wamva chiyani? Wamva munthu wopempha thandizo. Akakhala wachifundo agula botolo limodzi, mayiwo athokoza, nkhani yathera pomwepo. Chifundo chimagula kamodzi, pomwe mayiwa akufuna sitolo yoti izitenga katundu mlungu uliwonse. Onaninso kuti chiponde chenichenicho, chimene anyamula ulendo wonsewo, sichinafotokozedwe ngakhale pang'ono. Chakwiririka pansi pa zitenje, nkhuku ndi makala. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ngakhale muli ndi malonda anayi, kwa munthu mmodzi tchulani amodzi, amene iyeyo angawafune.

Tsopano mayi omwewo, golosale yomweyo, koma atakonzekera: "Dzina langa ndine Mayi Uje, ndimachokera kwa Kamwendo ku Mchinji. Ndimapanga chiponde cha mtedza wa CG7 wosankha ndi manja, chosathira shuga kapena mafuta, m'mabotolo a magalamu 250 ndi 500. Magolosale atatu a pa boma ku Mchinji amatenga katoni imodzi mlungu uliwonse ndipo imatha. Ndabwera ndi botolo ili kuti mulawe. Mukachikonda ndikusiyirani mabotolo 6 muone mmene ayendere, ndipo ndidzabweranso Lachisanu."

Mwamva kusiyana kwake. Dzina ndi kwawo zatha m'chiganizo chimodzi, ndipo n'zokwanira. Munthu amafuna kudziwa kuti akulankhula ndi ndani, koma mbiri ya banja lanu adzaifunsa yekha mukadzazolowerana.

Chiganizo chachiwiri ndi chimene chimafuna kuti muchiganizire mofatsa. Mayiwa sananene kuti chiponde chawo n'chabwino kapena chapamwamba. Mawu amenewo aliyense amanena, ndipo khutu la wogula linasiya kale kuwamva. Iwo atchula zinthu zogwirika. Atchula mtundu wa mtedza, CG7, wofiira uja wa mafuta ambiri, umene aliyense wodziwa mtedza amausiyanitsa ndi Chalimbana. Anena kuti amasankha ndi manja, ndipo wogula wozindikira amva pamenepo kuti mtedza wowola ndi wachuku watayidwa. Anena zimene sanathiremo, chifukwa alipo makasitomala amene amapewa shuga. Atchula kukula kwa mabotolo, ndipo mwini golosale wayamba kale kuona m'maganizo mwake malo pa shelefu. Inunso dzifunseni: pa katundu wangayu, ndi chiyani chimene munthu angachione, kuchigwira, kuchilawa kapena kuchiyeza? Ngati ndinu telala, mawu akuti "ndimasoka bwino" alibe ntchito. Nenani kuti mumasoka mayunifolomu a sukulu ndipo mumapereka pa tsiku limene mwagwirizana. Ngati mumagulitsa mpunga, nenani kuti ndi wa Kilombero wochokera ku Karonga, wopeta kale, wopanda miyala. Wogula amakumbukira zoterezi.

Chiganizo chachitatu ndi umboni. Mwini golosale ali ndi funso limodzi mumtima lomwe mwina salinena: kodi chinthuchi chiyenda, kapena chidzangokhala pa shelefu mpamba wanga utamangika? Mayiwa aliyankha funsolo asanafunsidwe. Ena amatenga, ndipo chimatha. Umboni suyenera kukhala waukulu. Ungakhale sukulu imodzi imene munasokera, nyumba imodzi imene munayikapo mawindo ndipo munthu atha kukaiona, kapena zaka zimene mwakhala pa ntchitoyo. Wongoyamba kumene asadandaule. Umboni wake ndi katundu amene ali m'manja: tsegulani botolo, perekani supuni yoyera, munthu alawe.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa umboni ndi pamene anthu ambiri amaterereka. Musanene chimene simungachionetse. Ngati magolosale amene amatenga kwa inu ndi awiri, nenani awiri. Mwini sitolo akhoza kuimba foni kufunsa, ndipo amalonda amadziwana kuposa mmene mukuganizira. Ngati katundu wanu sanayezedwe ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, musanene kuti ali ndi chizindikiro cha MBS. Masitolo akuluakulu amafunsa chizindikirochi, makamaka pa zakudya, ndipo pa chiponde nkhani yake ndi yaikulu, chifukwa mtedza wosauma bwino umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wosaoneka ndi maso. Akakufunsani za MBS pamene mulibe, yankhani zoona, ndipo ngati mwayamba kale kutsatira ndondomeko yake nenani pamene mwafika. Chimodzimodzi inu ogulitsa uchi, ufa wa moringa ndi zakumwa za malambe: nenani kukoma kwake ndi kumene zachokera, koma musalonjeze kuti zimachiza shuga, BP kapena matenda ena. Munthu akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu. Komanso dziwani kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu amene anamizidwa potsatsa malonda.

Tifike pa mapeto a mawu a mayi aja, pamene ine ndimaona kuti pali mtima wa nkhani yonse. Iwo apempha chinthu chimodzi, chaching'ono, chimene munthuyo angavomere lero lomwe: alawe, asunge mabotolo 6, aonane Lachisanu. Amalonda ambiri amafotokoza bwinobwino, kenako n'kungokhala chete, kudikira kuti wogula anene yekha choti achite. Wogulayo amangoti "chabwino, tidzaona," basi kwatha. Ena amapempha zazikulu nthawi imodzi, kuti sitolo itenge makatoni 10 munthu asanalawe n'komwe. Pempho laling'ono silimuopsa munthu, ndipo limakupatsani chifukwa chobwereranso. Musananyamuke kunyumba, dziwani chimene mukufuna kuti munthuyo achite mukamaliza kulankhula. Ngati simukuchidziwa inuyo, iye sangachilote.

Kupempha kotereku n'kosiyana ndi kupemphetsa. Ulendo woyamba uja mayiwa anati "ndithandizeni." Ulendo wachiwiriwu abweretsa chinthu chimene chipatse mwini golosale phindu. Iwo ndi mwini golosaleyo onse apeza bwino, ndiye palibe chifukwa chogwadira kapena kubwereza "bwana" pa mawu aliwonse. Ulemu ukhalepo wonse, koma mulankhule ngati munthu amene wabwera ndi chinthu chofunika.

Mawu omwewo sagwira ntchito kwa aliyense. Mayi athu aja akapita kwa wopereka ngongole, kaya ku bungwe lobwereketsa ndalama kapena ku banki, kukoma kwa chiponde si kumene kuli patsogolo. Munthu wa pa desikiyo akufuna kumva kuti ndalama idzabwezedwa bwanji. Kumeneko anene motere: amagulitsa mabotolo angati pa mwezi, phindu limatsala lotani akachotsa mtedza, mabotolo ndi thiransipoti, akufuna ndalama zingati, agulira chiyani, ndipo chinthucho chiwonjezera bwanji malonda. Akati "ndikufuna makina ogayira chifukwa maoda akundichulukira ndipo ndikulephera kuwakwaniritsa," wopereka ngongole amva bizinesi. Akati "ndikufuna kuwonjezera mpamba" osanena zambiri, amva zimene wamva kale kwa anthu ambirimbiri tsiku lomwelo. Ndipo pamenepa kabuku kolembamo zogula ndi zogulitsa kamalankhula kuposa pakamwa. Kanyamuleni.

Pa chionetsero cha malonda, monga chija chimachitikira pa bwalo la Chichiri mu Blantyre chokonzedwa ndi bungwe la amalonda la MCCCI, anthu amangodutsa, ndipo theka la mphindi limakhala lalitali. Pamenepo chiganizo chimodzi ndi supuni ndi zokwanira. Zina mudzanena munthu akaima. Kwa mayi mnzanu amene mwakhala naye mpando umodzi m'minibasi, mungonena kuti mumapanga chiponde chosathira shuga chimene ana amachikonda m'phala. Choncho konzani mawu amodzi a maziko, kenako muziwasintha malinga ndi amene ali patsogolo panu.

Abambo ndi anyamata a ntchito zamanja, izi n'zanunso. Wowotcherera akafika pamalo pomwe akumanga nyumba, asayambe ndi kufunsa ngati pali ganyu. Apeze kapitawo kapena mwini nyumba, apereke moni, n'kunena kuti: "Ndine Uje, shopu yanga ili pamsika apa. Ndimawotcherera mafelemu a mawindo, zitseko ndi mageti. Nyumba ya denga lobiriwira ili kuseri kwa tchalitchiyo mawindo ake ndinapanga ndine, mutha kukaona. Ndaona kuti khoma lafika pa mawindo. Mungandilole ndiyeze, mawa ndikubweretsereni mtengo?" Taonani kuti mnyamatayu wayang'ana kaye nyumbayo asanatsegule pakamwa. Wadziwa pamene ntchito yafika, ndipo mawu ake agwa pa chimene mwini nyumba akuchiganizira sabata imeneyo. Ngati ali ndi satifiketi ya TEVETA aitchule, koma nyumba yoti munthu akaione ndi maso imaposa pepala.

Za moni ndisaiwale. Kufupikitsa mawu sikutanthauza kulumpha moni. Kwathu kuno munthu wongofikira pa malonda osafunsa mnzake mmene wadzukira amaoneka wamwano, ndipo zimene anene pambuyo pake zimagwa pansi. Perekani moni wonse, dikirani yankho, kenako funsani: "Kodi mungandipatseko kamphindi?" Akati ali otanganidwa, funsani nthawi yabwino yobwerera, ndipo mubweredi nthawi imeneyo. Mukakhala ku Mzuzu kapena ku Mangochi, moni wa m'Chitumbuka kapena m'Chiyao umafewetsa mtima ngakhale zotsalazo munene m'Chichewa. Chingerezi musachikakamize. Ena amaganiza kuti bizinesi imamveka yapamwamba ikanenedwa m'Chingerezi, mapeto ake amapunthwa pa mawu, mfundo n'kutayika. Lankhulani chilankhulo chimene inu ndi womvera wanuyo muli omasuka nacho. Ndipo pali malo ena osayenera malonda ngakhale mwaona munthu amene mwakhala mukumufuna: pamaliro, kuchipatala, mkati mwa mapemphero. Mupatseni moni, mudzamupeze tsiku lina.

Chinanso, musanyoze anzanu. Mukayamba kunena kuti chiponde cha uje n'chosakaniza ndi ufa, simukudziwa ngati ujeyo ndi mlamu wake wa mwini golosale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Nenani za katundu wanu, wa ena muusiye.

Nanga mawuwa muwakonza bwanji? Tengani pepala, kapena ngati kulemba kumakuvutani ingonenani pakamwa mwana akulembereni. Lembani zonse zimene mukufuna kunena, kenako yambani kufufuta. Chiganizo chilichonse chimene chikunena za mavuto anu, chichoke. Mawu alionse amene wogulitsa wina aliyense angawanene, monga "zabwino," "zotchipa," "zapamwamba," achoke, m'malo mwake muikemo chinthu chogwirika. Zotsalazo muzinene mokweza mawu, osati mumtima, chifukwa lilime limakodwa pamalo pamene maso saona vuto. Ngati foni yanu imajambula mawu, dzijambuleni mumvetsere. Mudzadabwa kuchuluka kwa "eee," "ndiye kuti," ndi "kwenikweni" amene amalowerera, komanso mmene mawu anu amatsikira mukafika pa pempho, ngati mukuchita manyazi nalo.

Mayeso abwino kwambiri ndi awa. Pezani munthu amene sadziwa zambiri za malonda anu, mumuuze mawu anuwo kamodzi kokha, kenako mumufunse kuti abwereze zimene wamva. Akatha kunena chimene mumagulitsa, chimene chikusiyanitsa katundu wanu, ndi chimene mukufuna, mawuwo akonzeka. Akayankha kuti "mwati mumapanga zamtedza zinazake," bwererani pa pepala. Mayesowa ndi ofunika pa chifukwa chinanso: kawirikawiri amene mwalankhula naye si amene amagula. Ndi wogulitsa m'sitolo amene akauze mwini wake, kapena mlonda amene akauze kapitawo. Mawu anu ayenera kukhala osavuta kuwanyamula kukatula kwa wina osatayika panjira.

Koma musaloweze ngati ndakatulo ya kusukulu. Munthu akakudulani ndi funso pakati, wolowezayo amasokonezeka n'kuyambiranso poyamba. Sungani mfundo zake m'mutu, mawu azibwera okha. Ndipo funso likabwera, kondwerani, chifukwa munthu wosafuna safunsa.

Funso loyamba nthawi zambiri limakhala la mtengo. Udziweni mtengo wa lero musanatuluke m'nyumba: wa botolo limodzi, wopikulitsa, ndi malire amene simungatsike kupitirira. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinakwerera ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo umene munawerengera miyezi itatu yapitayo ukhoza kukudyerani mpamba lero. Munthu amene amayankha kuti "munene ndinu" kapena kuyamba kuwerengera zala pamaso pa wogula amaonetsa kuti mtengo wake ndi wokankhika. Konzekeraninso mafunso ena amene amabwera nthawi zonse: chimakhala nthawi yaitali bwanji chisanawonongeke, mungabweretse zochuluka bwanji pa mlungu, mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ngati mukusiya katundu kuti adzalipire akagulitsa, adzalipira liti. Zimenezi musaziike m'mawu anu oyamba aja, angatalike. Zikhale m'thumba, zituluke zikafunsidwa.

Mukanena pempho lanu, khalani chete. Apa ndi povuta, chifukwa mantha amatikankha kuti tipitirize kulankhula, ndipo ambiri amatsitsa mtengo okha munthu asanadandaule n'komwe. Mlekeni alawe, atembenuze botolo, awerenge zolembedwapo. Pa botolopo pakhale dzina lanu, nambala ya foni yooneka bwino, ndi tsiku limene chipondecho chapangidwa. Zimene anene pambuyo pake zimvetsereni bwino. Akati makasitomala ake amakonda mabotolo ang'onoang'ono, wakuuzani chimene mubweretse ulendo wina.

Ena adzakana, ndipo adzakhala ambiri kuposa ovomera. Musakwiye kapena kuumirira. Thokozani, kenako funsani mwaulemu ngati pali chimene chawalepheretsa, komanso ngati akudziwa wina amene angafune. Munthu amene wakana kugula nthawi zambiri sakana kukulozerani kwa mnzake, ndipo mukafika kwa mnzakeyo mumayamba ndi mawu akuti "andituma kwa inu ndi a uje," amene amatsegula khutu msanga. Amene wati "tidzaona," mupempheni nambala yake, musangosiya yanu, ndipo gwirizanani tsiku loti mumuimbire. Mukafika kunyumba lembani m'kabuku kanu dzina la sitolo, zimene ananena ndi tsiku limene mwalonjeza. Ngati munati Lachisanu, Lachisanu likupezeni pa golosale ija, ngakhale mabotolo atagulidwa awiri okha. Muwerengere limodzi otsala, mulandire zanu, mufunse zimene ogula anena.